"Yasweka" Kapena "Ndaswa"?



M'Chinyanja muli kakhomo kamene wolakwa amathawirapo. Mwana akagwetsa sileti sanena kuti "ndaswa", koma amati "yasweka". Momwemonso wantchito m'mafakitale a ku Heavy Industrial Area mu Lusaka, pofunsidwa ndi kapitao za makina amene sanawathire mafuta, amayankha kuti "aonongeka", nabwerera kwao ku Matero kapena ku George atasenzetsa chitsulo mlandu wake. Mau otere atchula choipa chimene chachitika, koma abisa mwini wake.

Kakhomo kameneka n'kakale. Pa Eksodo 32, Mose atafunsa Aroni za mwana wa ng'ombe wagolide, Aroni anakankhira mlandu kwa anthu ndi ku moto, monga ngati fanolo linadziumba lokha. Koma Davide, podzudzulidwa ndi Natani pa mlandu wa Uriya, pa 2 Samueli 12, sanabisale kumbuyo kwa Yowabu kapena nkhondo. Anadzitchula yekha wochimwa, ndipo pomwepo anamva mau a chikhululukiro.

Ngakhale mpingo ukhoza kudzilungamitsa. Mpingo wa Dutch Reformed, umene unatuma amishoni ku Mvera mu 1889 ndi ku Magwero mu 1899, unatha zaka zambiri kwao ku South Africa ukufunafuna mavesi otchinjirizira tsankho la apartheid. Koma mu November 1990, pa msonkhano wa mipingo ku Rustenburg, Profesa Willie Jonker wa ku Stellenbosch anaimirira navomereza kuti tchimolo linali lake, la mpingo wake ndi la mtundu wake. Bishopu wamkulu Desmond Tutu anayankha ndi mau okhululuka. Kuvomerezako sikunafafanize zowawa zonse, koma kunatsegula njira imene zifukwa zambirimbiri zinaitseka.

Tsono ana saphunzira kuulula pa kuloweza katekisma pokha. Amayang'ana mphunzitsi wao. Mphunzitsi wolanga mwana woulula koposa mnzake wokana akuphunzitsa bodza, chinkana pakamwa pake pali mau a Mulungu. Ndipo iye amene walanga mwana wosalakwa ayenera kuimirira pamaso pa kalasi lonse nanene kuti, "Ndalakwa ndine," osaonjezapo "koma". Ulemu wake sudzachepa; ana adzaona kuti munthu angathe kuvomera tchimo nakhalabe chilili.

Akuluakulu anati mlandu suola. Wodzilungamitsa angousunga kufikira tsiku la chiweruzo. Woulula autula lero kwa Khristu, amene anausenza kale pa mtanda.