Tinchenche Tating'ono ndi Nchito Zake Zazikulu

Phunziro la Zacilengedwe: Giredi 6 ndi 7

Lero tikambirana za tizirombo timene ambiri a inu mumationa koma simunatiyang'anitsitse. Aphunzitsi, conde lembani pa bolodi mau anai awa: dzira, mphutsi, pupa, kanchenche. Tiwafuna posacedwa.

Kodi munayendapo m'mbali mwa mtsinje wa Lutembwe, kapena pa dambo la kwanu, dzuwa liri pafupi kulowa, nimuona kamtambo ka tizirombo tikuvina pamwamba pa citsamba? Anthu ambiri amathawa, nati ndi udzudzu, cikhalireco palibe amene walumidwa. Tizirombo timeneti Angerezi amatichula midges. Ife m'phunziro lino titichula tinchenche, cifukwa tiri pa cibale ndi nchenche ndi udzudzu. Njuci, gulugufe ndi dzombe ziri ndi mapiko anai, koma nchenche, udzudzu ndi tinchenche tiri ndi mapiko awiri okha. Kumbuyo kwa mapikowo kuli tiziwalo tiwiri tooneka ngati tizibonga, timene timathandiza kacirombo kuti kasapendekeke pouluka.

Tinchenche tiri m'mabanja angapo, ndipo ife tiona mabanja anai.

Banja loyamba ndi la tinchenche tosaluma, tija tovina madzulo. Akatswiri alemba maina a mitundu yoposa 5,000 ya banja limeneli. Mungakasiyanitse bwanji ndi udzudzu? Yang'anani zinthu ziwiri. Udzudzu uli ndi mlomo wautali wonga singano, koma kanchenche aka kalibe. Udzudzu ukatera umakweza miyendo yakumbuyo, koma aka kamakweza yakutsogolo. Tovinato ndi tamphongo, ndipo nyanga zake ndi zamanyenje ngati nthenga. Kakakazi kamalowa m'gulumo kukapeza mnzake, kenaka kamapita kukaikira mazira m'madzi.

Tsopano yang'anani pa bolodi. Mazira amakhala pamodzi m'kanthu koterera konga therere. M'dzira mumaturuka mphutsi, imene imamira niikakhala m'matope, m'kanyumba kamene imadzimangira. Ikakula imaleka kudya, nisanduka pupa. Pupa amakwera pamwamba pa madzi, khungu lake limang'ambika, ndipo kanchenche kamauluka. Kamakhala ndi moyo masiku owerengeka cabe. Moyo wake wautali ndi uja wa m'matope.

Mphutsi zambiri za banja limeneli ndi zofiira piriwiri. Ziri ndi cinthu comweco cimene cimafiiritsa magazi athu, ndipo cimazithandiza kupuma m'matope mmene mpweya wabwino uli wocepa. Cifukwa cace, mukapeza mphutsi zofiira zokhazokha mu mtsinje, popanda tizirombo ta mitundu yina, dziwani kuti madziwo aipitsidwa ndi zonyansa. Ana a m'tauni ya Chipata angayerekeze matope a mu Lunkhwakwa ndi matope a kamtsinje ka kuphiri. Kumbukiraninso kuti mphutsi ya udzudzu simakhala m'matope: imalendewera pamwamba pa madzi kuti ipume. Imeneyo ndiyo mdani wobweretsa malungo. Yofiira ija ndi cakudya ca nsomba, ndipo kanchenche kake ndi cakudya ca anamzeze, mileme ndi atombolombo.

Banja laciwiri tikalipeza kum'mawa, kupyola malire a pa Mwami, ku nyanja ya Malawi. Kumeneko anthu amaona cinthu conga utsi cikufuka pakati pa madzi, makamaka mwezi ukakhala watsopano. Si moto ai, ndi nkhungu. Mphutsi za nkhungu ndi zoonekera mkati ngati galasi. Usana zimatsikira pansi penipeni, kupitirira mamita 200, kumene nsomba sizifika cifukwa kulibe mpweya. Usiku zimakwera kudzadya tizirombo ta m'madzi. Mphepo ikakankhira nkhungu kumtunda, anthu amazikola ndi malicero kapena madengu, naziumba timitanda ta ndiwo. David Livingstone anaziona kumpoto kwa nyanjayo m'caka ca 1861, analawa mtanda umodzi, nalemba kuti kukoma kwake kunafanana ndi dzombe lothira mcere. Dzina la nkhungu m'Cilatini ndi Chaoborus edulis, ndipo liu laciwirilo litanthauza cinthu codyedwa.

Banja lacitatu ndi la tinchenche toluma. Ndi tating'ono zedi, mamilimita amodzi kufikira atatu, kotero kuti timatha kupyola pa sefa wa pa zenera amene amaletsa udzudzu. Takazi ndito timayamwa magazi, makamaka madzulo ndi mbandakuca. M'caka ca 1944, katswiri wina dzina lake René du Toit, wa ku Onderstepoort m'dziko la South Africa, anasonyeza kuti ndito timafalitsa nthenda ya nkhosa yochedwa bluetongue, imene imatupitsa milomo ndi lilime. Timafalitsanso nthenda yoopsa ya akavalo. Timaswana m'dothi lonyowa losanganikirana ndi ndowe, motero khola lomangidwa pa malo ouma, kutali ndi dambo, limateteza ziweto. Koma musaweruze banja lonse msanga. Tina ta m'banja lomweli ndito timanyamula mungu wa maluwa a koko ku Ghana ndi ku Côte d'Ivoire, ndipo popanda mungu mtengowo subala.

Tsopano cherani khutu, pakuti banja lacinai likhudza nkhokwe zathu. Ana a ku cigwa ca Luangwa, ku Mambwe ndi ku Mfuwe, mumadziwa bwino mapira. Caka cina mapira amakula bwino, ngala zimaturuka zazikulu, koma pokolola mupeza mankhusu okhaokha opanda njere. Ena amati ndi mvula, ena amati ndi mbalame, ndipo nthawi zina anansi amadana pogwirana ufiti. Kawirikawiri wolakwa ndi kanchenche ka mapira, kofiirira ngati lalanje, kotalika mamilimita awiri okha.

Kakakazi kamakhala ndi moyo tsiku limodzi. M'mamawa kamafunafuna ngala imene ikucita maluwa, nikaikira mazira mkati mwa timaluwato. Mphutsi ikaswa imayamwa kanjere kakali kanthete, ndipo njereyo sikula. Pakapita masabata awiri kapena atatu, tinchenche tatsopano timaturuka nitipita ku ngala zina zimene zayamba kumene maluwa. Taonani tsono cimene cimacitika pamudzi pamene wina abzala msanga, wina pakati, wina mocedwa. Tinchenche timayamba tocepa m'munda woyamba, timaculuka m'munda waciwiri, ndipo wobzala mocedwa ndiye amalira.

Mungadziwe bwanji kuti ndi kanchencheka? Tengani kankhusu kopanda njere pa ngala yaiwisi, nimukafinye pakati pa zikhadabo. Mukaona timadzi tofiirira, mwaphwanya mphutsi kapena pupa. Mankhwala ake oyamba safuna ndalama. Alimi a mudzi umodzi abzale msanga, pa nthawi imodzi, mbeu zoca pa nthawi yofanana, kuti maluwa adze pamodzi. Acotse mapira a kuthengo omera m'mbali mwa munda. Akatha kukolola atenthe ngala zopanda njere, cifukwa mphutsi zina zimagona m'menemo kufikira mvula ya caka camawa. Za mbeu zopirira, makolo anu afunse alangizi a zaulimi kapena a pa malo ofufuzira za ulimi a Msekera, pafupi ndi Chipata. Mutu umodzi susenza denga: mlimi mmodzi payekha sangakagonjetse kanchenche aka.

Tisanatseke, imvani codabwitsa. Pa matanthwe a mapiri pamakhala timaenje tosunga madzi a mvula. M'timaenje totere, kumpoto kwa Nigeria, mumakhala mphutsi ya kanchenche kosaluma kochedwa Polypedilum vanderplanki, kamene H. E. Hinton anakafotokoza m'caka ca 1951. Madzi akaphwa, mphutsiyo imauma gwa ngati kacitsotso. Thupi lake limadzaza ndi mtundu wina wa shuga umene umateteza ziwalo zake. Mvula ikagwa, pasanathe ola limodzi imayambanso kuyenda ndi kudya. Zina zinatsitsimuka zitakhala zouma zaka 17. M'caka ca 2017 akatswiri anafotokoza mtundu wina wocita cimodzimodzi, wopezeka kwa anansi athu ku Malawi, naucha Polypedilum pembai. Matanthwe otere ngambiri kuzungulira Chipata, Katete ndi Chadiza, ndipo mwana wamaso akuthwa angathe kufufuza zimene zimagona m'fumbi lake.

Aphunzitsi, nazi nchito za kalasi wailesi ikatsekedwa.

Yoyamba: tungani matope pang'ono pa dambo kapena m'mbali mwa damu, muwaike m'mbale yoyera ndi madzi. Ana apeze mphutsi zofiira. Ikani zina m'botolo lokhala ndi matope ndi madzi pang'ono, mutseke ndi kansalu, ndipo ana alembe tsiku ndi tsiku zimene aona. Mwana asalowe m'madzi osayenda, kuopa likodzo; tungani ndi cikho ca mpini wautali, ndipo onse asambe m'manja ndi sopo.

Yaciwiri: m'cirimwe, kokolani fumbi la m'kadzenje ka pa thanthwe, mulithire madzi a mvula kapena a pacitsime, nimuyang'ane pakapita ola limodzi, ndiponso m'mawa mwake.

Tsono ana, yankhani mafunso awa m'makope mwanu. Kodi kanchenche kosaluma kasiyana bwanji ndi udzudzu? N'cifukwa ciani mphutsi zina ziri zofiira? N'cifukwa ciani wobzala mapira mocedwa ndiye amataya zambiri? Yankho la funso lacitatu mukalifotokozenso kwa makolo anu madzulo ano, nyengo yobzala isanafike.