MANKHWALA OWAWA NDI SIPUNI YA PHALA



Paulendo wao wa m'chipululu Aisraele anafika pamalo otchedwa Mara. Madzi anawapeza ndithu, koma anali owawa, osamweka. Mose anaponyamo mtengo umene Mulungu anamsonyeza, ndipo anthu anamwa. Taonani kuti madziwo sanatayidwe: anangokonzedwa kuti amweke. Nkhani imeneyi imandikumbutsa mayi amene wafukata mwana wotentha thupi, piritsi lili m'dzanja, koma mwanayo watseka pakamwa kuti gwa. Kodi mayi ameneyu atani?

Poyamba tidziwe kuti mwana wokana mankhwala sakuchita mwano. Lilime la munthu lili ndi tizigawo ta mitundu pafupifupi 25 tomvera kuwawa, pakuti zomera zambiri zakupha n'zowawa, ndipo kulavula ndiko kumene kumatiteteza. Tsono ana amamva kuwawa koposa ife akulu.

Vuto ili ndi lakalekale. Kwinini, mankhwala a malungo amene akuluakulu nonse mumawadziwa, amachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona, wa m'mapiri a Andes ku South America. Ansembe a chipani cha Ajezuwiti anathandiza kufikitsa khungwalo ku Ulaya m'zaka za m'ma 1600, ndipo odwala ankamwa ufa wake wosakaniza ndi vinyo. M'chaka cha 1820 akatswiri awiri a ku Paris, Pelletier ndi Caventou, anatulutsa kwinini weniweni m'khungwamo, koma kuwawa kunatsalabe. Angerezi a ku India ankamuthira shuga ndi madzi a soda kuti amezeke.

Masiku ano zinthu zapepukako. Kuno ku Malawi tinasiya chloroquine, wowawa uja, mu 1993, ndipo mu 2007 tinayamba kumwa LA. Mu 2009 panatuluka mapiritsi a mtundu womwewo osungunuka m'madzi ndi otsekemera, opangira ana. Nawonso ana okhala ndi kachirombo ka HIV, amene kale ankalimbana ndi mankhwala amadzi owawa koopsa, tsopano ali ndi dolutegravir wosungunuka, wokoma ngati sitiroberi. Komabe mankhwala ambiri akadali owawa, ndipo ntchito yatsalira inu makolo.

Choyamba, musanachoke kuchipatala funsani ngati piritsilo n'lololedwa kuliphwanya. Mapiritsi ena anawakuta dala kuti asungunuke pang'onopang'ono, kapena kuti akasungunukire m'matumbo, mukawasinja mwawaononga.

Chachiwiri, akakulolani, sakanizani mankhwalawo ndi sipuni imodzi yokha ya phala kapena ya nthochi yokanya, kenaka mutsatize ina yopanda mankhwala. Musawathire m'mbale yonse, pakuti mwana akadya theka la phala wamwanso theka la mankhwala, ndipo mawa adzakana phala lomwe.

Chachitatu, uchi si wa mwana amene sanakwanitse chaka chimodzi, chifukwa umatha kukhala ndi tizirombo tofoola thupi la khanda. Za mkaka funsaninso: LA amalowa bwino m'thupi mwana akayamwa kapena akadya chakudya chamafuta, pamene mankhwala ena, monga ciprofloxacin, amachepa mphamvu akakumana ndi mkaka.

Chachinayi, musamgoneke mwana chagada ndi kumtsina mphuno, monga ambirife tinachitidwira tili ana. Atha kutsamwa, mankhwala n'kulowa m'mapapo. Mkhazikeni tsonga, mudzimthirira pang'onopang'ono cham'tsaya. Akasanza atangomwa, bwererani kwa achipatala akuuzeni chochita.

Tsono pali chinthu china chimene ndikupemphani ndi mtima wonse: musamnamize mwana kuti mankhwala ndi switi. Bodza limeneli lili ndi zipatso ziwiri zoipa. Akalawa n'kupeza kuti n'zowawa, sadzakhulupiriranso mawu anu. Akapeza kuti n'zotsekemeradi, tsiku lina inu muli kudimba adzakwera pampando, nadzatsiriza botolo lonse. Muuzeni zoona: awa ndi mankhwala, akuwawa pang'ono, koma akuchiritsa. Akameza, muyamikireni, ndipo zotsalazo muzibise patali.

Musalekerenso panjira poona kuti thupi lazizira. LA amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, kasanu ndi kamodzi pamodzi. Chifundo chimene chimasiya mankhwala pa tsiku lachiwiri chifukwa mwana akulira, chimabwezera malungo m'nyumba.

Inu akatekisiti, kafotokozeni zimenezi m'miphakati ndi pokayendera odwala. Inu abambo, ntchito iyi si ya amayi okha. Mgwireni mwana pamiyendo panu, amve mawu anu. Kuwawa tikuchepetse monga tingathere, koma mankhwala alowe onse, ndipo mwana auzidwe zoona.

Mulungu adalitse odwala athu onse, pamodzi ndi manja amene akuwasamala. Amen.