Mbeu Yobala Kwambiri Ifuna Cakudya Cambiri

Nkhani ya lero icokera ku dziko la India, kumene alimi a m'zigawo za Karnataka ndi Kerala amalima mtengo dzina lace areca. Mtengo uwu uli wa pa mtundu wa kanjedza, koma ngwautali ndi woonda. Anthu a kumeneko amatafuna njere zace pamodzi ndi tsamba la betel, ndipo mlimi apeza ndalama pogulitsa njerezo.

Pa malo oyeserapo mbeu a ku Vittal, m'Karnataka, akatswiri a malimidwe anasankha mitundu yobala koposa ya makolo. Mtundu wa Mangala unaperekedwa kwa alimi mu 1972, ndipo Sumangala ndi Sreemangala mu 1985. Koma mitundu iyi ifuna cakudya cambiri. Mtengo umodzi wa makolo upatsidwa pa caka feteleza wokhala ndi magalamu 100 a naitirojeni, 40 a fosifeti ndi 140 a potashi. Mtengo wa mtundu watsopano ufuna magalamu 150, 60 ndi 210, ndiko kunena kuti muyeso wonse wakale ndi theka lina pamwamba. Cifukwa cace ncakuti njere ndi makoko zimene zicoka m'munda zitenga cakudya ca m'nthaka, makamaka potashi, ndipo cocokaco ciyenera kubwezedwa.

Feteleza yekha sakwanira. Mtengo uli wonse upatsidwanso makilo 12 a masamba awisi ndi makilo 12 a manyowa a m'khola caka ndi caka. Mtengo waung'ono supatsidwa muyeso wonse: caka coyamba ulandira gawo limodzi la magawo atatu, caka caciwiri magawo awiri, ndipo kuyambira caka cacitatu muyeso wathunthu.

Nyengo yothirira nayo iri ndi lamulo lace. M'minda yodalira mvula, gawo limodzi la magawo atatu lithiridwa mu April kapena May, mvula yaikuru ya kumeneko isanayambe, ndipo magawo awiri otsalawo mu September kapena October, iri kutha. Mlimi apalasa kadzenje kosazama kozungulira tsinde, namwaza fetelezayo, nakwirira. Feteleza wothiridwa pa nthaka youma sapindula, ndipo wothiridwa pakati pa mvula yaikuru angokokoloka.

Mtengo wa areca suli mbeu ya m'minda ya kuno, koma lamulo lace ligwiranso nchito pa cimanga. Cimanga ca haibulidi, kuyambira pa SR52 ya mu 1960, cibala koposa ca makolo cikalandira Compound D pobzala ndi urea cikafika m'maondo. Mlimi wogula mbeu ya mtengo wapatali, naimana feteleza, ataya ndalama zace pacabe. Cotero mlimi wanzeru ayamba wawerenga feteleza ndi manyowa amene angathe kupeza, ndipo pambuyo pace alinga ukuru wa munda wa mbeu yatsopano. Akuru anati: walira mvula walira matope.