NKHOKWE YA PAKATI PA MZINDA

Mau olankhulidwa kwa aphunzitsi pa msonkhano wao

Pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa dziko la Zambia, Bambo Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Mwa maboma 116, cilala cinagwira maboma 84, ndipo mwa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga cobzalidwa, pafupifupi 1 miliyoni anapserera. Aphunzitsi a kumidzi anaciona ndi maso ao, pamene ana anali kusinza m'kalasi dzuwa lisanafike pamutu. Koma njala siima pa malire a munda. Ku Lusaka munthu alibe nkhokwe kuseri kwa nyumba, nkhokwe yace ndiyo msika wa Soweto kapena kantemba ka pa njira. Tsono ufa ukakwera mtengo, mphika wace uzizira monga wa mlimi.

Mu mzinda umenewo okhuta ndi anjala akhala moyandikana. Nyumba zazikuru za ku Kabulonga zipenyana ndi Kalingalinga ndi Mtendere, ndipo wopitirira Woodlands pa mseu wa Leopards Hill afika ku Bauleni. Mtunda uli waufupi, koma cakudya siciyenda cokha.

Nzeru ya kusonkhanitsa cakudya m'nyumba imodzi ndi kucigawa kwa osowa inayamba ku Phoenix, m'dziko la America, m'caka ca 1967, pamene John van Hengel anayamba kutola zakudya zabwino zimene masitolo anafuna kutaya. Koma muzu wace ndi wakale. M'caka ca 1833 ku Paris, Frédéric Ozanam ndi anzace ophunzira anayambitsa bungwe la Vincent de Paul Woyera, ndi mwambo wakuti wothandiza azipita yekha ku nyumba ya wosauka. Mwambo womwewo ulipo m'maparishi a Lusaka kufikira lero.

Opatsa ali a mitundu iwiri. Wina wa ku Woodlands atsitsa m'galimoto matumba a ufa a makilogalamu 25, ndipo ayenera kuyamikidwa, pakuti akadatha kutseka cipata cace. Wina ndi mai wa ku Kabwata kapena ku Chelstone amene adza ndi kapaketi ka ufa kochedwa pamela, kapena mbale ya kapenta, atapungula pa cakudya ca ana ace. Nkhani ya mkazi wamasiye ndi timakobiri tace tiwiri, m'mutu 12 wa Marko, inaweruza kale mlandu wa anthu awiriwa. Akale anati, kupatsa nkuika.

Komatu mphatso yofika pa khomo la chalichi siinakhale nsima. Pafunika manja ena osalandira malipiro: woyesa nyemba, wothira mafuta m'mabotolo, wosenza thumba kunka nalo kwa nkhalamba yosatha kuyenda, ndi wolemba maina. Nchito ya wolemba ndiyo yolemera koposa zonse. Akalemba mlamu wace ndi kusiya mwana wamasiye, waba kawiri, pakuti walanda wanjala cakudya, nalandanso wopatsa mtima wa kupatsa. Akaitana osauka mopfuula pamaso pa khamu, ena a manyazi adzabwerera kwao ndi njala yao, osabweranso. Ndipo pali cobvuta cina: mphatso zicuruka pamene mbiri ya tsoka iri pa wailesi, koma zicepa m'miyezi ya January ndi February, pamene nkhokwe zatha ndipo cimanga ca m'munda sicinakhwime.

Apa ndipo pali gawo la mphunzitsi. Bungwe la Mary's Meals, limene linayamba kudyetsa ana a sukulu ku Malawi m'caka ca 2002, nilifika ku Cigawo ca Kum'mawa ca Zambia m'caka ca 2014, lidalira anthu a m'midzi momwemo amene alawira m'mamawa kuphika phala kwaulere. Cimanga cingacokere kutali, koma wodziwa mwana amene wagona ndi njala ali pafupi. Buku la maina limene mphunzitsi aitana m'mawa uli wonse lionetsa amene wajomba masiku atatu, amene watumidwa ku ganyu, ndi amene waleka kusewera. Palibe kalata ya ku ofesi yonena zoona kuposa bukulo.

Cifukwa cace mphunzitsi acite zinthu zitatu. Auze akuru a mpingo ndi a komiti ya sukulu maina a ana obvutika, mwakacetecete ndi mopanda tsankhu. Alembe ciri conse colandiridwa ndi cogawidwa, kuti wopatsa akafunsa ayankhidwe ndi manambala. Ndipo pa nyengo ya masika apemphe mwana ali yense kudza ndi cisononkho cimodzi kapena ziwiri za cimanga, kuti sukulu ikhale ndi kankhokwe kace kodikira mwezi wa February. Mwana wophunzira kupatsa ali wamng'ono, akadzakula nakakhala m'nyumba ya mpanda ku Kabulonga, adzakumbukira kuti kunja kwa cipata kuli anthu.