Neti yatsopano yolimbana ndi udzudzu wozolowera mankhwala

Ambiri mumafunsa kuti, "Tikugona m'neti, nanga bwanji malungo sakutha?" Chifukwa chimodzi n'chakuti udzudzu wambiri unazolowera mankhwala a m'maneti akale, ndipo sukufanso monga kale.

N'chifukwa chake akatswiri anapanga neti ya mankhwala awiri, yotchedwa Interceptor G2. Mankhwala owonjezerawo, chlorfenapyr, amaulanda mphamvu udzudzu. Ukatera pa neti umauluka ndithu, koma umakafera kutsogolo. Ataiyesa ku Misungwi, m'dziko la Tanzania, malungo mwa ana anatsika pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi neti wamba. Mu 2023 bungwe la WHO linalangiza kuti maneti otere azigawidwa kumene udzudzu unazolowera mankhwala akale.

Koma neti, ngakhale yabwino chotani, mukatchingira dimba kapena kuphera nsomba, mwana wanu alumidwabe. Muziichapa mofatsa, osati pafupipafupi, ndipo muziyanika pamthunzi. Ikabooka, sokani. Usiku uliwonse pindirani m'mphepete mwake kunsi kwa mphasa. Mwana akatentha thupi, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo akamuyeze magazi.