Malipiro Afike kwa Amene Wasenza Katundu

 Eni mabizinesi, ambiri mwa inu mumapezera chakudya pa ntchito yochotsa katundu m'nyumba kuno ku Britain. Mwini nyumba akamwalira, wa lendi akasamuka n'kusiya zinthu, kapena ofesi ikatsekedwa, amaimbira inu, ndipo mumafika ndi vani ndi anyamata. Ndi ntchito yolemekezeka, koma ndi yosavuta kubisiramo ukapolo, chifukwa imachitikira m'nyumba yopanda anthu, imatha tsiku limodzi kapena awiri, ndipo nthawi zambiri malipiro amaperekedwa pamanja. Pempho langa ndi lakuti mwini bizinesi azimudziwa yekha munthu aliyense wokwera vani yake, ndipo ndalama zizifika kwa munthuyo osadzera m'manja mwa wina.

Chifukwa chake chinaonekera poyera m'chaka cha 2019, pamene khoti ku Birmingham linapeza anthu asanu ndi atatu olakwa pa mlandu umene apolisi a West Midlands anautcha Operation Fort. Gululi linkanyengerera anthu ovutika ku Poland, ena osowa pogona, ena ongotuluka m'ndende, n'kuwalonjeza ntchito yabwino. Apolisi anati ozunzidwawo angafike 400, ndipo gululo linapeza ndalama zoposa £2 miliyoni. Ambiri ankagwira ntchito m'malo osankhira zinyalala, kumene inu mumakatula katundu, ndipo ankagona m'nyumba zauve ku West Bromwich, Walsall ndi Smethwick. Chofunika kuchimvetsa n'chakuti makampani ankalipira ndithu. Ndalama zinkalowa ku akaunti yolembedwa dzina la wantchito, koma khadi la kubanki linali m'thumba mwa womugwiritsa ntchito mokakamiza. Mabuku a kampani ankaoneka olongosoka pamene munthu akugona ndi njala. Nkhaniyi inaululika ena atathawa n'kukafotokozera bungwe la Hope for Justice.

Wina anena kuti malamulo a ukapolo ndi a makampani akuluakulu. Zoona, lamulo la Modern Slavery Act la 2015 limakakamiza mabizinesi opanga £36 miliyoni kapena kuposerapo pachaka kuti azilemba chikalata chofotokoza zimene akuchita pothana ndi mchitidwewu, ndipo bizinesi ya vani imodzi siifika pamenepo. Koma mlandu weniweni wogwiritsa munthu ntchito mokakamiza susankha kukula kwa bizinesi, ndipo chilango chake chimafika pa kukhala m'ndende moyo wonse. Komanso ntchito imene kampani yaikulu yapatsidwa imatsika kudzera mwa makontirakitala mpaka kufika kwa inu. Bambo wina akabwera m'mawa n'kunena kuti ali ndi anyamata atatu, mumulipire iyeyo adzagawa yekha, ndinu nokha amene mungaone kuti anyamatawo sayankha okha mafunso, alibe foni, avala zomwezo za dzulo, ndipo amabwera ndi kutengedwa ndi galimoto imodzimodzi.

Wina anenanso za mtengo, kuti ukalipira bwino ntchito amatenga ndi mnzako wotchipa. Vuto limeneli ndi lenileni ndipo sindilipeputsa. Koma tiyeni tione chimene wotchipayo wachotsapo kuti mtengo utsike chotere. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka kwa wazaka 21 kupita m'tsogolo anafika £12.21 pa ola mu Epulo 2025. Kutaya zinyalala pamalo ovomerezeka kumalipiridwa, ndipo wonyamula zinyalala ku England ayenera kulembetsa ku Environment Agency. Wochotsa katundu m'nyumba yonse pa mtengo wosakwanira zimenezi wabera wantchito, kapena akukataya matiresi m'mbali mwa msewu usiku. Ndipo amene amalipira kutchipako ndi thupi lake ndi mnyamata wotsitsa firiji pamasitepe opapatiza alibe nsapato zolimba, wopisa dzanja lopanda magolovesi m'thumba mmene muli masingano a jakisoni, wophwanya denga la garaja yakale osadziwa kuti fumbi lake ndi la asbestos, imene inaletsedwa kotheratu m'dziko muno mu 1999 koma ikadalipo m'nyumba zambiri zakale. Makasitomala monga maloya oyang'anira chuma cha masiye ndi makhonsolo amafuna mapepala olongosoka, ndipo msika umenewo ndi wanu mukakhala nawo.

Chovuta kwambiri kuchinena pakati pathu ndi nkhani ya abale. Timati ndikungomuthandiza mwana wakumudzi, ndamulipirira tikiti, akugona kwanga, akudya kwanga. Kuthandizana ndi khalidwe lathu ndipo lisathe. Koma pasipoti yake ikakhala m'kabati mwanu, ngongole ya tikiti ikamakula m'malo mochepa, ndipo akafunsa malipiro n'kumuopseza ndi a imigireshoni, chibale chatha pamenepo. Ife Amalawi sitifunika kuphunzitsidwa zimenezi. Makolo athu ku Magomero ndi madera ena a kum'mwera ankalima minda ya azungu pa thangata, kulipira malo okhala ndi thukuta lawo, ndipo nkhanza zimenezo ndi zina mwa zimene zinautsa John Chilembwe mu 1915. Lamulo la kuno linaika malire pa ndalama zimene bwana angawerengere pa malipiro chifukwa cha malo ogona.

Choncho, eni mabizinesi, onani nokha mapepala ovomereza munthu kugwira ntchito ndipo mum'bwezere pomwepo. Yankhulani naye payekha wom'bweretsayo palibe, ndipo muonetsetse kuti anthu angapo sakulandirira pa akaunti imodzi. Mukakayikira, musalimbane nokha ndi anthu amene mukuwakayikirawo. Imbani Modern Slavery Helpline pa 08000 121 700, ndipo simukakamizidwa kutchula dzina lanu.