Mphonda Yoyanga Koma Yosabala

 Kodi mphonda yanu yangoyanga osabala? Mbewu imeneyi ili ndi maluŵa aamuna ndi aakazi pa tsinde limodzi, ndipo aakazi, amene amabala zipatso, amachuluka pa nthambi za m'mbali. Tsono nsonga ya tsinde imapanga timadzi totchedwa auxin, timene timaletsa nthambizo kuphuka. Akatswiri a zaulimi anapeza kuti kupopera mankhwala a ethephon mbewu ikadali ndi masamba aŵiri kapena anayi kumachulukitsa maluŵa aakazi, koma mukapyola muyeso mbewu imapinimbira. Inu amene mulibe mankhwalawo, tsinani nsonga tsinde likatalika. Nthambi zidzaphuka, ndipo zikho ndi nsupa sizidzasoŵa pakhomo. Tsalani bwino.